Tsiku limene ndinagonera nkoloko ya ku Cape Town

Kwathu ku Chadiza ndimadziwika kuti ndine munthu wosunga nthawi. Ndimavala nkoloko pamkono, ngakhale batire lake linatha kalekale. Wina akandifunsa nthawi, ndimayamba ndasuzumira dzuwa mwakabisira, kenako n'kuyang'ana pamkono mwaulemu wake n'kuti, "Ma fotini awazi." Palibe anatsutsapo, pajatu galimoto ya ku Chipata imanyamuka thumba lomaliza la mtedza likakwera.

Ndiye mwana wa mlongo wanga, amene amatsuka mbale pa hotela ina ku Cape Town, ponditumizira ya basi anati, "Amalume, inu okonda nthawi, bwerani mudzaone nkoloko yeniyeni."

Ili padoko, pamalo otchedwa V&A Waterfront. Ndi nsanja yofiira psuu, yomwe inamalizidwa mu 1882 kuti ikhale ofesi ya kapitawo wa dokolo, ndipo nkoloko yakeyo anachita kuitanitsa ku Edinburgh. Koma chimene chinandivulitsa chipewa ndi chipinda chapakati. Anachikuta ndi magalasi odziyang'anira kuti bwanayo aziona zonse zochitika padoko ali m'katimo. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikufunafuna njira yolondera anyani kumunda ndili khale pakhonde, akazi anga n'kumanditcha mlesi, osadziwa kuti kwa anzathu ulesi wotere ankaumangira nsanja.

Ndinakweza maso. Manambala analekera pa 12. Fotini wathu uja panalibe, koma ndinangokhala chete kuopa kuchititsa manyazi eni dziko. M'malo mwake ndinafunsa funso la munthu woyenda.

"Kodi panopa kwathu ndi nthawi yanji?"

"Yomweyi, amalume."

"Usandiseweretse iwe."

"Zoona. Zambia ndi South Africa nthawi ndi imodzi."

Mtima unangoti zii. Chipata, Lusaka, Chirundu, Beitbridge, Johannesburg, miyendo yotupa, msana wopindika, zonsezo kudzaona nthawi yomwe ndinaisiya pakhomo!

Pofuna kundipepesa, mnyamatayo anandigulira tchipisi ndi nsomba. Tinaima pafupi ndi pamene anthu amakwerera boti yopita ku Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Ndinali nditangoyamba kumufotokozera mnyamatayo za kulimba mtima kwa ife amuna akale, pamene mivi ya nkoloko ija inakumana pamwamba.

Phuuu!

Abale, thupi lili ndi nzeru zake zomwe silifunsa mwini. Ndinangozindikira ndili chafufumimba kuseri kwa bini, chipewa uko, tchipisi uko, ndikuitana amayi anga omwe anatisiya kale. Nditatsegula diso limodzi, ndinaona kuti palibe akuthawa. Mayi wina anangoyang'ana pamkono pake n'kupitiriza kunyambita ayisikilimu. Mbalame zoyera za kunyanja zija, zaukali ngati akabawi pankhuku, zinali zitagawana kale nsomba yanga.

"Dzukani amalume, yangokwana thwelofu."

Akuti pa phiri la Signal Hill pali mzinga umene amauomba masana alionse, kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Mwambowu unayamba mu 1806, kuti oyendetsa zombo azikonzerapo nkoloko zawo. Ndinadzuka n'kusasa fumbi, n'kumuuza mnyamatayo kuti ndimafuna kuona maziko a nsanjayo, poti zomangamanga ndimazidziwako. Anavomera ndi mutu, koma foni inali m'manja, ikuloza kwa ine.

Chithunzicho chinafika ku Chadiza ine ndisanadutse n'komwe Beitbridge. Lero ndikamadutsa pamsika wa pa boma dzuwa lili paliwombo, ana amauzira mpweya m'kapepala ka shuga n'kukaphulitsa kumbuyo kwanga, kenako amafunsa mwaulemu, manja kumbuyo, "Agogo, yakwana?"