Nsambo Zinayi Zakwana, Achimwene

Rosettenville,
Johannesburg.

Okondedwa achimwene,

Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mafupa. Kaya inu kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Amayi muwapatse moni wambiri.

Kalatayi mwaipeza m'chikwama cha gitala, ndipo ndikudziwa kuti musanaitsegule n'komwe mwayamba mwawerenga nsambo. Mwawerenga bwino, zilipo zinayi. Palibe imene yagwera pa Beitbridge. Ndalemba papepala dala m'malo motumiza voisi pa WhatsApp, chifukwa ndikufuna muiwerenge mokweza pamsonkhano wa komiti ya kwaya, a tcheya ali pomwepo. Voisi munthu amatha kunena kuti sinatseguke chifukwa cha netiweki.

Ndalama zimene munasonkha zinandipeza, koma zinabwera ndi malangizo atatu osagwirizana. A tcheya anati ndigule besi ya nsambo sikisi, chifukwa kwaya ya kutsidya kwa mtsinje ili ndi ya faifi ndipo ife sitingakhale otsalira. Amayi msungichuma anati ndigule iliyonse yotchipa, bola chenji ibwerere. Inuyo munangoti “yabwino”, n'kudula foni mayunitsi asanathe. Mwana wa achemwali, amene adzaipachike paphewa Lamulungu lililonse, palibe anamufunsa.

Ndiyambe ndi ntchito ya nsambozi, poti ndikuona ngati a tcheya akuganiza kuti zikachuluka, phokoso limachulukanso. Phokoso lili mu ampu. Besi ya nsambo zinayi imatchunidwa E, A, D, G, kuyambira yonenepa kukathera yowonda. Ya faifi amangowonjezera nsambo imodzi yonenepa koposa, ya B, pamwamba pa E. Ya sikisi amawonjezeranso ina yowonda pansi penipeni, ya C. Tsono amayi msungichuma atchere khutu apa: nsambo yachisanu ija imabweretsa manotsi atsopano asanu okha, E fulati, D, D fulati, C ndi B, onse otsika. Ena onse amene ali pansamboyo alipo kale pa zinayi zija, kungoti pamalo ena. Ndalama yowonjezera yonseyo ndi ya manotsi asanu.

Komabe ndisaname, manotsi asanuwo ndi okoma. Kutchalitchi kumene ndimapemphera kuno, m'holo ina ya pamwamba pa shopu ya matayala, besi ndi ya faifi, ndipo ndine ndimaiimba mwini wake akakhala pa shifiti. Woimba kiyibodi wa kuno amakonda E fulati ndi D fulati. Mlongo wina akayambitsa nyimbo yolambira pang'onopang'ono mu E fulati, iwe n'kutsitsa chala pa fureti yachinayi ya nsambo ya B, mazenera amanjenjemera, azimayi n'kukweza manja, ngakhale wolondera galimoto panja amasuzumira. Pa besi ya zinayi noti yotsika imeneyo palibe, chifukwa malire ndi E. Umakakamizika kukaimba E fulati wam'mwamba, ndipo pamene nyimbo imafuna kuti pansi palemere, pamapepuka. Choncho amene amati faifi ndi matama chabe akulakwitsa. Nyimbo za gosipo za kuno zimaifunadi.

Funso ndi lakuti, kodi kwaya yathu imaifuna? Ine ndinakulira m'kwaya imeneyo. Nyimbo zathu pafupifupi zonse zili mu G, chifukwa woimba kiyibodi wathu anaphunzira G ndipo anaona kuti kwakwana. Azimayi a sopurano akayamba mokweza kwambiri, iye sasuntha zala, amangodina kabatani ka transipozi n'kupitiriza G wake nkhope ili gwa, wa besi n'kutsala akusakasaka noti khosi lonse. Mu G, manotsi atatu amene amanyamula nyimbo ali pafupi ndi pafupi: G pa fureti yachitatu ya nsambo ya E, C pa fureti yachitatu ya A, D pa fureti yachisanu ya A yomweyo. Nsambo ziwiri zikugwira ntchito, ziwiri zili patchuthi. A tcheya akufuna tilembe ena awiri oti adzakhalenso patchuthi.

Kenako pali nkhani ya ampu yathu. Musaiwale kuti ndinaisiya ine, ndipo sipika yake yaing'ono ija tinaimata ndi guluu pomwe inang'ambika. Nsambo ya E imanjenjemera maulendo pafupifupi 41 pa sekondi, ya B pafupifupi 31. Kuti mawu otsika chonchi amveke bwino pamafunika sipika yokankha mpweya wambiri, monga za mainchesi 15 kapena 18 zimene amaunjika m'matchalitchi a kuno. Mukalowetsa B mu kaampu kathu, chotuluka si noti. Pepala la sipika limangoti phwaphwaphwa, ndipo zimenezi zikachitika pa nthawi ya pemphero lachete, anthu adzayamba kuyang'anana kufuna kudziwa kuti wachita ndani. Abusa sadzakukhululukirani.

Za ya sikisi ndinakaziona ndi maso. Ndinapita kusitolo ina ya zoimbira mutawuni, nditavala ovolosi ya kuntchito chifukwa ndinadzera pomwepo. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kunsapato, koma atamva kuti ndalama ndi za tchalitchi nkhope inawala, n'kukatsitsa yomwe inapachikidwa pamwamba penipeni. Achimwene, khosi lake ndi lotakata ngati thabwa la benchi yakutsogolo ya kutchalitchi kwathu. Ine ndi manja angawa, amene amakumba dothi m'magadeni a azungu tsiku lonse, chala chaching'ono chinkalephera kufika pansambo ya pamwamba popanda kupinda mkono wonse. Nditaipachika paphewa, khosi linkagwera pansi lokha, ndiye dzanja lamanzere limagwira ntchito ziwiri, kuimba ndi kuchirikiza. Kumbukirani kuti mapemphero a kwathu amayamba 8 koloko n'kutuluka 1 koloko, ndipo zolengeza zikatalika amapitirira. Mwana wa achemwali akadali pasukulu. Adzafika Fomu 4 phewa limodzi lili m'munsi.

Pali vuto lina limene osaimba sadziwa. Pa besi, theka la ntchito ndi kuletsa nsambo zimene sukuimba kuti zisalire. Ukamenya imodzi, zinzake zimayamba kung'ung'udza zokha, makamaka B yonenepa ija, ndipo uyenera kuzigwira pakamwa ndi chala chachikulu kapena ndi zala zotsala. Nsambo zinayi ndiye kuti ukulondera zitatu. Zikakhala sikisi ukulondera zisanu. Ndinayesa kuimba kanyimbo kathu ka chopereka musitolomo, ndipo pansi pa nyimbo panali kulira kwina kosatha, wogulitsa n'kumagwedeza mutu ngati akusangalala, pamene dzanja lake likutsitsa voliyumu mwakachetechete.

Besi ya sikisi ili ndi eni ake. Anaitchukitsa ndi Anthony Jackson wa ku America, amene anayamba kupangitsa yotere m'zaka za m'ma 1970, ndipo amaikonda ndi anthu a jazi amene amaimba makodi ndi masolo pa besi. Nsambo ya C yowondayo imakufikitsa kumanotsi okwera, kumene ndi kumunda kwa gitala ya lidi. Wa lidi m'kwaya yathu mukumudziwa, ndi mlamu wawo wa a tcheya, ndipo amakangana kale ndi wa kiyibodi za amene ayenera kumveka kwambiri. Tikalowetsamo wachitatu, komiti idzasiya kukamba za yunifolomu n'kumaweruza milandu.

Ndikudziwa a tcheya anena kuti nsambo zinayi ndi za ophunzira. Muwauze kuti Leo Fender atatulutsa Precision Bass mu 1951, imene inafalitsa besi yamagetsi padziko, anaikapo zinayi. James Jamerson anaimbira nyimbo za Motown pa zinayi. Jaco Pastorius, amene oimba besi amamutchula atavula chipewa, ankaimba ya zinayi. Konkuno ku Johannesburg kunachokera Bakithi Kumalo, amene besi yake yopanda mafureti inamveka dziko lonse pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986, ndipo anthu amakamba za zala zake, osati kuwerenga nsambo. Ngati mayina achilendowa sakuwafika pamtima, abwerere kwathu konko. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni wa nsambo imodzi, ndi kamtengo kudzanja lina, botolo kudzanja linalo. A Madalitso Band akhala akuvinitsa azungu ku Ulaya ndi babatoni yemweyo. Nsambo imodzi inakwera ndege. Ife tili ndi zinayi ndipo sitinafike n'komwe pa Balaka.

Chinanso chimene ndinapewa ndi batire. Mabesi ambiri a faifi ndi sikisi amene anali musitolomo ali ndi kachitseko kumbuyo kolowetsa kabatire kamakona anayi ka mavoti 9. Kakatha mphamvu, mawu amayamba kukhosomola kenako zii, ndipo kamatha msanga ngati munthu waiwala kuzula chingwe pagitala pomaliza. M'kwaya yathu woiwala sasowa. Imene ndagulayi ilibe batire. Mukalumikiza chingwe, ikulira.

Nanga nsambo ikaduka? Apa ndi pamene ndinaganizira kwambiri. Nsambo za besi ndi zodula, ndipo seti ya sikisi imaposa ya zinayi mtengo, kupezeka kwake n'kovutanso. C ikaduka Loweruka madzulo pa pulakatisi, mudzaipeza m'golosale ya ndani? Ndikukudziwani, achimwene. Mudzakumbukira banjo yathu ya chigubu cha mafuta ija, imene tinkasenda waya wa buleki ya njinga ya abambo n'kumanga pakhosi, mpaka tsiku lomwe anatsetsereka pa chitunda cha kudambo akufinya buleki yopanda kanthu. Mudzafuna kuchita zomwezo pagitala ya mpingo.

Tsono za chenji, amayi msungichuma asadikire envulopu. Ndalama imene inatsala ndagulira seti ina ya nsambo yosungira, lamba wotakata woti phewa lisamapweteke, chingwe cholimba, ndi kamakina kotchunira komwe mumakapanitsa kumutu kwa gitala. Kakawala gilini ndiye kuti nsambo yafika. Zimenezi zithetsa mwambo wathu wotchuna besi mapemphero atayamba kale, wina akukuwa kuti “kwezani pang'ono” kuchokera kumbuyo. Malisiti onse ndawapinda m'kathumba kakutsogolo. Akawerengetsa n'kupeza kuti pakusowa pang'ono, imeneyo ndi ya takisi yopita ndi kubwera kutawuni. Wapansi sindikanatha, mseu wake foni imasintha mwini.

Mwana wa achemwali uja mumuuze zinthu zitatu. Akamaliza kuimba azipukuta nsambo ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta ndi lomwe limazipha. Zikayamba kumveka mogontha, azichotse, aziwiritse m'madzi kwa mphindi zingapo, aziumitse bwinobwino n'kubwezeretsa, zimatsitsimuka kwa kanthawi. Koma asatengere poto wa amayi wophikira nsima, nkhani yake ingandipeze kuno. Ndipo tsiku lina wa kiyibodi akadzalapa n'kuphunzira D, mnyamatayo angomasula nsambo ya E pang'ono mpaka itsike kufika pa D. Akatero wapeza awiri mwa manotsi asanu aja osalipira kalikonse. Ndikumva kuti amakonda Alick Macheso wa ku Zimbabwe, ndipo wayamba kale kuyeserera zoimba besi ndi chigongono. Zimenezo azichitira kuseri kwa nyumba, osati pa mgonero.

Gitala yadzera njira ya masiku onse, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kudzalowera pa Mwanza. Transipota poyamba anafuna kundilipiritsa ngati firiji, akuti katundu wautali amadya malo. Tinakambirana mpaka inatsika kufika pa mtengo wa njinga. Analonjeza kuti aigoneka pamwamba pa mabulangeti, koma ndinamuona ndi maso anga akuyang'ana mpata pakati pa matumba a anyezi ndi zigubu za mafuta ophikira, ndiye ikamanunkhira zokazinga musadabwe. Nsambo ndazimasula dala chifukwa cha kutentha kwa ku Tete ndi mabampu. Zikamalendewera musaitanitse msonkhano wadzidzidzi kuti ndatumiza yowonongeka. Ingotchunani.

A tcheya akaumirirabe kuti a kutsidya atiposa ndi nsambo imodzi, muwapemphe akakhale nawo pa mapemphero a kumeneko Lamulungu limodzi, aone ngati mnyamata wa besi amaimenya nsambo yachisanuyo. Ine ndikubetcha kuti amangotsamizirapo chala chachikulu. Akafuna ya faifi zenizeni, ayambe asonkhetsa ya ampu yaikulu, ndidzawasakira ndi mtima wonse, ndipo pamenepo ndidzavomereza kuti yafunika.

Pempho langa lomaliza ndi ili: besiyi izigona mu ofesi ya tchalitchi, m'chikwama chake, yoimika chilili kutali ndi zenera lodontha lija. Isabwerekedwe ku zinkhoswe, ndipo wofuna kujambulitsa nayo chithunzi cha pa Facebook azipereka kangachepe m'thumba la kwaya. Mukaimba nayo koyamba munditumizire vidiyo, koma wojambula aime pafupi ndi ampu, osati pafupi ndi azimayi a sopurano.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni.