Ulemu kwa a Manjenje a pa Lathe

Oyendera ntchito mu Lusaka ndi ambiri, koma amene salandira ya fanta ndi a Manjenje okha. Mangani chitsulo chachitali, choonda pa lathe, kaya ndi shafiti ya pampu kaya ya makina ena, muyatse, mugunditse mpeni. Nthawi yomweyo afika ndi mluzu wawo woboola m'makutu, mpaka wowotcherera mageti kuseri amatukula chigoba kuti aone amene wafa.

Tsankho alibe mkuluyu. Shafiti ya bwana wa ku Kabulonga, yopopa madzi othirira kapinga, amaichita zomwe amachita ya mayi woweta nkhuku ku Chelstone. Zonse amazisainira ndi timafunde tonyezimira, toti chikhadabo chimakodwapo. Pakati amasiyapo kamimba, poti chitsulo chimathawa mpeni pamene palibe chochigwira. Mwini ntchito akadzafunsa kuti “Amisiri, ichi n'chiyani?” mmisiri amaloza makina, makinawo ali duu.

Masamu amawadziwa kuposa ana a ku UNZA. Chitsulo chikatalika kawiri, kupindika kwake kumawirikiza ka 8. Chikaonda ndi theka, ka 16. Ndipo sapempha chakudya kwa munthu. Mpeni ukasiya funde pozungulira koyamba, pobwera umapunthwa pa funde lomwelo n'kusiya lina lalikulu, basi iwo akunenepa. Frederick Taylor wa ku America anadandaula nawo mu 1907, ndipo zinatengera akatswiri Tobias ndi Tlusty, m'zaka za m'ma 1950, kuti aulule kadyedwe kameneka.

Munthu wotere sangasowe adani. Chitsulo chikangotuluka m'chaki kupitirira katatu kunenepa kwake, ansanje amachitsamiza pa tailstock. Chikatalikitsa, amachimangira steady ya zala zitatu pakati, mwina ina yoyenda limodzi ndi mpeni, kuti a Manjenje asowe pokhala. Ena amanola mpeni kuti nsonga ikhale yakuthwa, n'kuuika pakatikati penipeni, osautulutsa kwambiri. Amachepetsa liwiro, nawonjezera pang'ono kayendedwe ka mpeni m'mbali. Nkhalakale zimangotsamiza kathabwa kumbuyo kwa chitsulocho, mlendo n'kuchoka osatsanzika. Wachinyamata wofuna kuwatonthoza ndi dzanja lovala gulovu yekha ndiye ndimamuletsa: makinawo amatenga gulovu ndi zala zomwe.

Koma kupirira kwawo! Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankasowa pafupifupi tsiku lonse, ndipo a Manjenje anadikira osadandaula. Malaiti akabwera pakati pa usiku, mmisiri ankathamanga ndi tulo m'maso, ntchito zitaunjikana, n'kukweza liwiro kuti amalize asanapitenso. Steady ankaiona ngati yochedwetsa. A Manjenje ankayamba ntchito limodzi naye, ndipo kukacha shafiti yoyamba inali itagona m'mulu wa zitsulo zogulitsa pa sikelo.