Thabwa la msuweni

Msuweni wanga wa ku Mwanza, amene madzi ambiri amawaona mumtsinje wa Mwanza nthawi ya dzinja basi, akuti akukasewera pa mafunde a nyanja ya mchere ku Tofo, ku Inhambane. Thabwa waitanitsa ku Joni, pamodzi ndi chingwe chomangira kumwendo ndi phula lopaka kuti asaterereke. Ogulitsa manachesi pa boda akumufunsa ngati n'chitseko cha nyumba yatsopano. Kondakitala wa ku Zobue ndiye walilipiritsa ngati munthu wopita ku Tete.

Odziwa amati ophunzira ayambire pamchenga pa Tofo, chifukwa ku Tofinho kuli miyala, n'kwa akatswiri. Iye wasankha Tofinho.

Msuweni, kusambira komwe simunaphunzire. Bwererani, manachesi akupsa.