Bwanji simugula yatsopano, amalume?

M'kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya amalume anga ku Nottingham muli njinga yopachikidwa pakhoma. Ndi yofiira, ya mizere yakuda ndi yachikasu. Mapaipi ake ndi owonda ngati bango, ndipo mahandulo ake ndi opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ilibe keliyala, ilibe mamadigadi, ngakhale belu ilibe. Ndinaiona sabata yoyamba nditangofika kuchokera kumudzi, ndipo chimene maso anga anathamangira ndi kachizindikiro ka kutsogolo, kamutu ka mbalame yonga kakowa. Kamutu komweko kanali pa njinga ya agogo anga aamuna ku Ntcheu, imene inasenza matumba a chimanga kupita kuchigayo mpaka ine kukula.

"Ndi Raleigh iyi, amalume?"

"Ndi Raleigh, mphwanga. Ya mu 1980."

"Nanga bwanji simugula yatsopano?"

Sindinafunse mwachipongwe. Amalume agwira ntchito ku England zaka zambiri, galimoto ali nayo, ana anawaphunzitsa. Kwathu munthu amasunga njinga yakale chifukwa chosowa pogwira. Soya kapena mbatata zikayenda bwino, yakaleyo amasiyira mwana, iye n'kukatenga yatsopano m'sitolo. Ndiye munthu woti ndalama ali nazo akakamirenji chitsulo chimene chinapangidwa ine ndisanabadwe?

Sanandiyankhe. Anaitsitsa pakhoma n'kundiuza kuti ndiinyamule. Ndinakonzeka monga ndinkachitira ndi ya agogo, koma iyi inakwera m'mwamba ndi dzanja limodzi. Anati ndi makilogalamu 10 basi. Ya kabaza imalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri.

"Koma ndi chitsulo chenicheni?"

Anagogoda paipi ya pamwamba ndi chikhadabo, cha pakati pake. Inalira mokweza, ngati kabelu. Anagogodanso kufupi ndi kumapeto, ndipo kulira kwake kunali kogontha pang'ono. Anandiuza kuti paipiyo kunja ndi yofanana paliponse, koma mkati si choncho: kumapeto, kumene imalumikizana ndi inzake ndiponso kumene kumafunika mphamvu, ndi yochindikala, pomwe pakati ndi yopyapyala, yosakwana ngakhale milimita imodzi. Luso limeneli analitulukira ndi Alfred Reynolds wa ku Birmingham mu 1897. Kenaka anandionetsa kachikwangwani komatidwa pansi pa chishalo, ka manambala obiriwira: 531. Limenelo ndi dzina la chitsulo chosakaniza ndi manganese ndi molybdenum chimene kampani ya Reynolds inayamba kugulitsa mu 1935, ndipo kwa zaka makumi angapo munthu akaona nambala imeneyi pa njinga ankadziwa kuti waona yabwino. A ku Italy anali ndi mapaipi awoawo a Columbus a ku Milan, a chizindikiro cha nkhunda.

Ine ndinakulira pafupi ndi anthu owotcherera zitsulo, ndipo ndikudziwa kuti pamene awotcherera pamatsala chipsera. Ndinafufuza pa fulemu yonse, osachipeza.

"Anawotcherera pati?"

Sanawotcherere monga momwe ndimadziwira ine. Pamene mapaipi akumana pali kachitsulo kena kooneka ngati kasokosi, ndipo paipi iliyonse amailowetsa m'menemo. Mmisiri amatenthetsa malowo ndi moto wa gasi n'kusungunulirapo mkuwa kapena siliva, umene umayenderera wokha m'kampata ka pakati pa zitsulo ziwirizo n'kuuma. Chitsulocho sichisungunuka ayi, n'chifukwa chake paipi yopyapyala choncho siibooka. Ndiye paipi imodzi ikapindika pangozi, mmisiri akhoza kutenthetsanso, kuizula, n'kuikapo ina. Apa ndinakhala chete kanthawi. Sindinaganizepo kuti njinga ingachotsedwe fupa limodzi n'kuikidwa lina.

Tsiku lina anandiyendetsa ku Triumph Road, kudera la Lenton, kumene kunali fakitale ya Raleigh. Lero pamalopo pali nyumba za University of Nottingham, ndipo kupanga njinga mumzindawu kunatha mu 2002. Anandiuzanso kuti Humber, imene akuluakulu kwathu amaitchula kuti Hamba, inali ndi fakitale yake ku Beeston, pafupi pomwepo, ndipo Raleigh inagula dzinalo mu 1932. Ndinaimirira pamsewu umenewo ndikuona ophunzira akudutsa, ndikuganiza za agogo amene sanaonepo nyanja yamchere koma anakalamba akupalasa chinthu chochokera pamalo amenewa.

Mitundu ya njinga ya amalume ndi ya timu ya TI-Raleigh. Mu 1980 Joop Zoetemelk wa ku Netherlands anapambana mpikisano wa Tour de France ali m'timu imeneyi, pa njinga yachitsulo. Zaka zisanu ndi zitatu zimenezi zisanachitike, mu 1972, Eddy Merckx wa ku Belgium anapalasa makilomita 49.431 mu ola limodzi ku Mexico City, nayenso pa chitsulo. Amalume amanena zimenezi ngati munthu akusimba za abale ake.

"Ngati chitsulo n'chabwino chonchi, bwanji akatswiri anachisiya?"

Ndinkayembekezera kuti anyoza zatsopano, monga achitira akuluakulu ambiri. Sanatero. Anati za kaboni n'zopepuka kwambiri, mpaka bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano, linachita kuika lamulo loti njinga isapepuke kupitirira makilogalamu 6.8. Zimathamanga kwambiri, magiya ake ndi ambiri, ndipo mabuleki ake amagwira bwino pamvula kuposa awo.

"Ndiye yatsopano ndi yabwino kuposa iyi?"

"Pa mpikisano, inde."

"Nanga pamene si pa mpikisano?"

"Ubwere Loweruka m'mawa, uvale zakutha."

Lowerukalo tinamasula gudumu lakumbuyo. Sipanafunike sipanala: anangotembenuza kachitsulo kamodzi ndi chala, gudumu n'kugwa. Anati kanthu kameneka anakatulukira ndi Tullio Campagnolo wa ku Vicenza, amene zala zake zinauma ndi chisanu pa mpikisano wina wa m'mapiri mu 1927 mpaka kulephera kumasula manati a gudumu. Tinayala nsanza pansi, amalume anamasula habu, ndipo tinjere tachitsulo tinagwera m'dzanja langa. Anati ndiwerenge. Tinali tisanu ndi tinayi mbali iyi, tisanu ndi tinayi mbali inayo. Tinatitsuka m'parafini, tinapukuta mkati mwa habu, tinapaka girizi watsopano, n'kutibwezera kamodzikamodzi. Pomanga anandipatsa ine sipanala. Ukamanga kwambiri gudumu limalimba n'kumakukuta, ukalekerera limagwedera. Malo oyenera ali pakati, ndipo palibe chida chokuuza kuti wafikapo. Umamva ndi zala.

Pamenepo ndinazindikira kuti zimenezi ndinaziona kale. Pamsika wa kwathu, pansi pa mtengo wa mango, pamakhala bambo wokonza njinga. Ndili mwana ndinkakhala pambali pawo ndikuwaona akuchita zomwezi: nsanza pansi, tinjere m'chivundikiro cha botolo kuti tisatayike, girizi pa chala, kenaka kuzunguza gudumu n'kulitchera khutu. Akafuna kuwongola limu yokhota ankamanga masipoko a mbali iyi n'kumasula a mbali inayo, pang'onopang'ono, chala chachikulu chili pafupi ndi limu kuti amve pamene ikukhudza. Amalume amachita chimodzimodzi, kungoti iwo ali ndi choimikapo gudumu chogula.

"Ndiye n'chifukwa chake mumaikonda? Chifukwa mukhoza kuikonza nokha?"

Anati n'chimodzi mwa zifukwa. Pa njinga imeneyi palibe chobisika. Waya wa buleki ukuuona kuchokera pa chogwirira mpaka pa gudumu. Kanthu kakayamba kulira, ukhoza kulondola kulirako mpaka kupeza pamene kukuchokera. Chitsulo chikatopa chimayamba ndi kamng'alu kamene ungakaone ukamapukuta, n'chifukwa chake iwo amapukuta fulemu yonse akabwera kokayenda, osati pofuna kuti iwale chabe.

Koma ntchito yake si yochepa, ndipo ndinawauza choncho. Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Kuno nthawi yachisanu amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo, ndiye miyezi imeneyo njingayi siituluka. Mkati mwa mapaipi amapoperamo mafuta oteteza, poti dzimbiri loopsa ndi limene limayambira mkati, kumene diso silifika. Kamodzi pachaka amazula paipi ya chishalo n'kuipaka girizi, chifukwa ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu akakhalitsa m'chitsulo ponyowa zimagwirana mpaka osatulukanso. Chishalo ndi chachikopa, cha Brooks, chopangidwa ku Smethwick. Chikadali chatsopano n'chouma ngati thabwa, chimafewa ndi kukhalidwa mpaka kutenga maonekedwe a mwini wake, ndipo sichifuna mvula.

Zipangizo nazo n'zosautsa kupeza. Anandionetsa bokosi la zitsulo zimene anagula molakwika. Pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, mazinga a njinga za ku Britain, za ku Italy ndi za ku France ndi osiyana, ndipo pa ya ku Britain mbali ya kumanja imamasukira kumene zinthu zina zonse zimamangikira. Magudumu akale a mainchesi 27 amaoneka ngati amakono a 700C, koma amasiyana ndi mamilimita 8, ndipo tayala la limodzi silikwana pa linzake. Mpata wa gudumu lakumbuyo pa njinga yawo ndi mamilimita 126, pomwe magudumu a pambuyo pake amafuna 130.

"Ndiye gudumu likatha, njinga yatha?"

Ayi. Mmisiri amakhoza kukanula fulemu pang'onopang'ono, ndi manja ndi thabwa, mpaka mpatawo utakwana, n'kuyeza ndi chingwe kuti aone ngati mbali zonse zatseguka mofanana. Chitsulo chimalola. Kaboni ungamuthyole.

Funso limene likundivutabe linabwera madzulo ena akundionetsa zithunzi za L'Eroica. Uwu ndi msonkhano wa okwera njinga zakale umene umachitika chaka chilichonse mu Okutobala ku Gaiole in Chianti, m'chigawo cha Tuscany ku Italy. Anauyambitsa ndi Giancarlo Brocci mu 1997, ndi anthu 92 okha, ndipo lero kumafika anthu masauzande ochokera m'maiko ambiri. Njinga iyenera kukhala ya mu 1987 kapena m'mbuyo mwake, kapena yopangidwa mofanana ndi za nthawi imeneyo: zosinthira magiya zikhale pa paipi ya pansi, mapazi amangidwe ndi timalamba pa mapedulo, mawaya a mabuleki aonekere kunja. Njira yaitali imapitirira makilomita 200, ndipo mbali yaikulu ndi misewu yafumbi, ya miyala yoyera. Cholinga china cha amene anauyambitsa chinali choti misewu imeneyi isathiridwe phula.

Ndinayang'ana nkhope zotuwa ndi fumbi, zikuseka. Ndinakumbukira anyamata a kabaza ndi a makala amene amatsika mapiri a kwathu m'bandakucha, pa njinga zachitsulo, m'misewu yafumbi, nkhope zotuwa chimodzimodzi.

"Amalume, kwathu timapempha boma kuti litithirire phula. Awa akupempha kuti lisathire. Kwathu njinga yakale ndi chizindikiro cha umphawi. Kuno munthu akukwera ndege kuti akaionetse. Chitsulo n'chomwecho, fumbi n'lomwelo. Chasiyana n'chiyani?"

Anakhala nthawi asanayankhe. Anati wa ku Italy uja akatopa amakweza njinga pa galimoto, pomwe wa makala akatopa ana sadya. Ndinavomereza, ndipo n'zoona. Koma yankholo linangokhudza wokwera, silinakhudze wokonza. Kuno munthu wodziwa kumanga gudumu ndi manja amalemekezedwa ngati katswiri, ndipo anthu amadikira masabata kuti awagwirire ntchito. Bambo a pansi pa mango aja amadziwa zomwezo, mwinanso kuposa, poti iwo chipangizo chikasowa amachisula okha, koma palibe amene amawatchula katswiri, ndipo timanenerera nawo mtengo wa kumata chubu. Ineyo ndinanenererapo. Chifukwa chake n'chiyani? Amalume anangogwedeza mutu.

Lamulungu lotsatira anandilola kuikwera, m'kamsewu ka m'mbali mwa mtsinje wa Trent. Anatsitsa chishalo pang'ono n'kundionetsa zosinthira magiya. Sizilira kuti "ke" monga zamakono, zimene kampani ya Shimano inayamba kufalitsa mu 1984. Umangosiya handulo ndi dzanja limodzi, kuweramira pansi, n'kukankha kachitsulo mpaka tcheni itakwera pamene ukufuna. Poyamba tcheni inkangokhulana ndi mano a giya, ine osadziwa kuti ndikankhe kapena ndibweze.

"Usayang'ane pansi, mphwanga!" anafuula ali kumbuyo. "Tchera khutu!"

Ndinabweza kachitsuloko pang'ono kwambiri, ndipo phokoso linatha. Panatsala kulira kwa matayala okha. Pamene msewu unali ndi timabampu, fulemu inkapindika pang'ono n'kubwerera, ngati nsungwi, moti manja sankapweteka.

Usiku womwewo ndinaimbira foni amayi kufunsa ngati njinga ya agogo ikadalipo. Anadabwa ndi funsolo. Anati magudumu anapita pa ngolo yotungira madzi kalekale, koma fulemu ili padenga la khola la mbuzi, imatsendera udzu kuti usauluke ndi mphepo. Amalume, amene ankamvetsera ali pakhomo la khitchini, anasendera pafupi.

"Afunse mayi ako ngati kambalame ka kutsogolo kakadalipo. Ndipo uwauze kuti aitsitse mvula isanayambe."