Mtengo Woleredwa M'mbale

Pamene alimi a ku Mitundu ndi Nathenje akulawirira ndi makeni kukathirira nazale za fodya, dzuwa la Okutobala lisanawambe, taonani, kuli anthu ena, otsata luso la ku Japan lotchedwa bonsai, amene amatenga paini wa mugo, mbadwa ya m'mapiri ozizira a Alps ku Ulaya, namudzala m'kambale ka timiyala, kuti madzi adutse msanga, mizu ingawole. Sathirira kufikira chala chitawauza kuti pamwamba pauma, ndipo mizu ikatalika amaidulira dala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde. Koma mkulu wa ku Dzalanyama, amene amayesa paini ndi matabwa otulukamo, akamva kuti mtengowo watha zaka 30 osafika m'bondo, adzayamba wafunsa amene anaulodza.