Khoswe Wokana Shuga

Magetsi azima ku Area 18. Agogo, amene abwera kuchokera ku Dedza kudzaonetsa maso kuchipatala, akuswa mtedza pakhonde. Mdzukulu wawo Chisomo, wophunzira za udokotala, wayatsa foni n'kuunikira buku.

AGOGO: Amuna anga, nsima yazizira. Mukuwerenganso chiyani mumdima muno?

CHISOMO: Za makoswe, agogo. Makoswe odwala matenda okhumudwa.

AGOGO: Khoswe akhumudwa ndi chiyani? Salipira lendi, sagula feteleza, chimanga amadya changa.

CHISOMO: Amamukhumudwitsa dala ofufuza. Lero amunyowetsera pogona, mawa amumana chakudya, mkuja amuyatsira nyali usiku wonse. Pakapita masabata angapo amasiya kukonda madzi a shuga. Apo amadziwa kuti wadwala.

AGOGO: Ine shuga ndinasiya kalekale, koma ndi mtengo. Ndiye akakana shuga amamuotcha?

CHISOMO: Si mbewa, agogo! Amamupatsa magetsi pang'ono kumutu kuti ubongo ugwedezeke ngati wa munthu wakhunyu, kwa masekondi ochepa. Kugwedezekako ndiko kumachiritsa. Pa anthu anayamba ndi Ugo Cerletti ndi Lucio Bini ku Rome mu 1938. Cerletti anaona nkhumba zikukomoledwa ndi magetsi kokaphedwa, n'kuzindikira kuti magetsiwo sakuzipha, chikuzipha ndi mpeni.

AGOGO: Munthu kupita kubutchala n'kubwerako ndi mankhwala m'malo mwa ndiwo!

CHISOMO: Mpaka pano amathandiza anthu amene mapiritsi alephera, amene asiya kudya ndi kuyankhula. Ku Zomba Mental Hospital anthu alandirapo.

AGOGO: Ali maso? Mayo ine!

CHISOMO: Poyamba zinali choncho, ena ankathyoka mafupa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 amayamba agonetsedwa, n'kubayidwanso mankhwala ofewetsa minofu kuti thupi lisaphiriphithe. Koma pali vuto. Mankhwala ambiri ogonetsa amaletsanso khunyu. Ena otchedwa propofol amafupikitsa kugwedezeka kuja.

AGOGO: Dikira. Dzanja ili ukusonkhezera moto, linali ukuthira madzi pamafuwa. Nsima ipsa?

CHISOMO: N'zimene akufufuza pa makoswe. Ku China anapeza kuti propofol amathandiza khoswe kuti asaiwale kwambiri akapatsidwa magetsi, chifukwa kuiwala ndilo dandaulo lalikulu la odwala. Ena ndi ketamine, amene zipatala zathu za m'maboma zimagwiritsa ntchito kufiyeta. Amenewo saletsa kwenikweni kugwedezeka, ndipo paokha amachepetsa kukhumudwa.

AGOGO: Aja anandibaya pondichita opaleshoni? Ndinaona malemu agogo ako akuvina chimtali atavala nduwira.

CHISOMO: Omwewo. Amalotetsa zachilendo ndiponso amakweza BP.

AGOGO: Nanga khosweyo mumadziwa bwanji kuti waiwala? Mumamufunsa dzina la mfumu yake?

CHISOMO: Amamuika m'beseni lalikulu la madzi momwe muli kachitunda kobisika. Wokumbukira amasambira molunjika pomwepo, woiwala amangozungulira.

AGOGO: Ngati ine pamsewu wam'mwamba uja wa pa 18, minibasi itanditsitsa kolakwika. Komatu amayi ako aakulu, mwana atamwalira, anakhala chaka osatuluka m'nyumba. Tinkati alodzedwa, tinatha nkhuku zonse kwa asing'anga.

CHISOMO: Akanapita ku chipatala cha Bwaila akanawaona, agogo.

AGOGO: Hmm. Tenga tochi ukaone m'thumba la ufa. Muli mnzako wina amene sanakanepo shuga, ukamufunse chimene chikumusangalatsa.