Pulinta yatsopano yakana kumva chinenero cha makedzana

Sabata ino m'tauni mwathu muno nkhani za mpira zinapuma, za mtengo wa feteleza nazo zinapuma. Aliyense amakamba za pulinta. Pa sitolo ina yogulitsa simenti, malata ndi misomali, pulinta yomwe yakhala ikulira ngati nyenje kwa zaka zambirimbiri inatopa. Eni sitolo anakagula yatsopano ya tona, yoyera mbee, yosasokosa. Ataiika pa kauntala, kalaliki anadina batani lotulutsira lisiti. Zii. Anadinanso. Zii. Malisiti anayamba kulembedwa pamanja, mzere wa ogula n'kufika pakhonde, ndipo nkhani inanyamuka kuchokera pakhondepo.

Kometera tsitsi mlandu unagamulidwa msanga: akuti eni sitolo anagulitsidwa feki. Anyamata a kabaza anakana. Iwo amati vuto ndi kuumira, poti munthu wogulitsa simenti chonchija sangamakakamire pulogalamu ya sikirini yabuluu yosadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli mausi. Pa bawo mkulu wina anatsitsa mawu n'kunena kuti mwina wina wansanje anaimanga, anzake n'kuseka mpaka nkhomo kumwazika. Koma amene anandigwira mtima ndi mayi okazinga mandasi pakhomo pa sitoloyo. Iwo za malisiti alibe nazo ntchito. Akuti akusowa kulira kwa pulinta yakale ija, chifukwa ikayamba kulira ankadziwa kuti wogula watsala pang'ono kutuluka ndi chenji m'manja.

Woyamba kupinda malaya anali mnyamata wokonza mafoni. Anapeza kuti yakufayo inali Epson LX-300, yolemba pomenya riboni ndi tisingano 9, yolumikizidwa ndi chingwe chonenepa cholowa pa chibowo cha mapini 25 kuseri kwa kompyuta. Yatsopanoyo ili ndi USB basi. Kompyuta ya m'sitolomo ndi ya Windows XP, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu 2014, ndipo driver, pulogalamu yoyendetsa pulinta yatsopano, anakana kukhalamo. Mnyamatayo anasamutsira pulogalamu ya malisiti pa laputopu ya Windows 11. Uko ndiye inakana ngakhale kutseguka.

Amene anamasula mfundoyi ndi bambo ena opuma ntchito, omwe ankakonza makompyuta m'maofesi m'zaka za m'ma 1990. Anabwera kudzagula loko, namva nkhani, napempha mpando. Bambowo ankamutchula mnyamata uja kuti mwana wanga, mnyamatayo n'kumayankha kuti wawa bambo, ndipo amene anamvera amati anaphunzira zambiri masana amenewo.

Pulogalamuyo ndi ya MS-DOS, yolembedwa mu Clipper monga mapulogalamu ambiri a m'masitolo a nthawi imeneyo. Imadziwa khomo limodzi lotulutsira zolemba, dzina lake LPT1, lomwe ndi chibowo cha mapini 25 chija. USB inabwera mu 1996, pulogalamuyo ili kale pa ntchito. Ndiye lero ikamagogoda pa LPT1 ikugogoda pa nyumba yoti eni ake anasamuka. Ngakhale khomo likanatseguka, pali vuto la chinenero. Pulogalamuyo imalamula pulinta m'chinenero cha Epson chotchedwa ESC/P: apa panikiza zilembo kuti pa mzere wa 80 pakwane 132, apa detsa mawu, apa lavula pepala. Mapulinta ambiri otsika mtengo a masiku ano samva malamulo amenewa. Amadikira kuti Windows iwakonzere tsamba lonse ngati chithunzi, iwo n'kungopaka tona. Nanga kukana kutseguka pa laputopu kuja? Windows ya 64-bit siyendetsa mapulogalamu a 16-bit a nthawi ya DOS, ndipo Windows 11 yonse ndi ya 64-bit. Pulinta sinali feki, pulogalamu sinafe, wansanje panalibe. Chimasowa ndi womasulira.

Omasulirawo alipo. Bambo aja anaika vDos, kanyumba ka DOS komangidwa mkati mwa Windows yatsopano, komwe kamawakha zonse zopita ku LPT1 n'kuzipereka kwa pulinta m'njira yomwe imamva. Anatchulanso DOSBox-X, DOSPRN ndi Printfil. Anati pa makompyuta akale a 32-bit anthu ankangolemba lamulo loyamba ndi mawu oti net use LPT1, kulozera khomo lakalelo ku pulinta ya USB, koma zimenezi zimatheka bwino ngati pulintayo imamva zilembo wamba kapena PCL, chinenero cha mapulinta a HP.

Pepala loyamba litatuluka, pakhonde panamveka m'manja. Chimwemwe chinachepa atalisuzumira: mizere yozungulira mitengo ya katundu inasanduka tizilembo tachilendo ta zipewa ndi timadontho. Mizere imeneyi DOS imaitenga pa ndandanda ya zilembo yotchedwa code page 437, pomwe Windows imawerenga manambala omwewo ngati zilembo zina. Atakonza zimenezo, pulinta inaima n'kupempha Letter. Kalaliki, mwana waulemu, anafunsa kuti kalatayo alembere ndani. Letter ndi saizi ya pepala la ku America, lotalika mainchesi 11, pomwe ife timagwiritsa ntchito A4 wa mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Nkhani ya kalatayi inafika kumsika pulinta isanazizire. Aphunzitsi ena opuma anafunsa ngati tsopano lisiti lingalembe Malaŵi ndi kachipewa pa w. Anawayankha kuti code page 437 ilibe chilembo chimenecho, iwo n'kupukusa mutu.

Chomwe womasulira aliyense walephera ndi kaboni. Tisingano ta pulinta yakale tinkamenya pepala mwamphamvu, ndiye lisiti limodzi linkatuluka patatu: la wogula, la kosungira katundu, la mu ofesi. Tona samenya kanthu. Tsopano kalaliki amatulutsa katatu, mapepala n'kumatha ngati mchere. Apa ndi pomwe kunamveka kuti Epson ili ndi mng'ono wake wa yakufa ija, LX-350, wokhala ndi chibowo chakale chija komanso USB. Wometa tsitsi akuti iye anali atanena kale zimenezo, makasitomala ake n'kuseka.

Ine ndili mbali ya eni sitolo. Anyamata a kabaza akuona sikirini yabuluu, koma mkatimo muli buku lonse la bizinesi: amene anatenga malata pangongole, amene anabweza, mitengo ya chaka ndi chaka. Pulogalamu yomwe yawerengera ndalama mosalakwitsa zaka zonsezi ndi yoyenera ulemu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti zonsezo zinali pa kompyuta imodzi yokalamba, popanda kope kwina kulikonse, chonsecho mafayilo a Clipper, othera ndi DBF, amatseguka ngakhale mu LibreOffice yaulere.

Inu amene muli ndi pulogalamu yotere ku sitolo, ku famase kapena ku ofesi ya sukulu, koperani mafayilowo pa fulashi lero lomwe. Ndipo musanalipire pulinta yatsopano, funsani wogulitsa ngati imamva ESC/P kapena PCL.